Pakhonde la Mlangizi: Alendo Akadyera M'tchire, Ndiwo Zake Walima Ndani?

Mwezi uno mphasa yathu tayala m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu, pa tauni ya Karoi m'boma la Hurungwe, kuti tikambirane za chuma chimene chimatidutsa pamphuno chaka ndi chaka ife tili chiyang'anire.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, kamphepo kakuluma makutu, ndinaima pafupi ndi malo omwetsera mafuta kudikira basi ya ku Magunje. Pambali panga panakhala agogo ena amene makolo awo anachokera ku Dedza. Iwowa anagwira ntchito ya ukhukhi pa famu ina ya fodya zaka zoposa makumi awiri, ndipo masiku ano amathandiza mdzukulu wawo kugulitsa tomato ndi repu pa kathebulo ka mitengo. Tili mkati mocheza, panaima galimoto ya mtundu wa Land Cruiser itasenza hema pamwamba ndi zigubu za madzi kumbuyo. Munatuluka mwamuna ndi mkazi, ooneka kuti ukwati wawo sunathe mwezi. Anamwetsa mafuta, anaseka atauzidwa kuti dzina loti Karoi m'Chishona litanthauza kamfiti, kenaka analowera kumpoto. Tomato uja sanamuponyere diso n'komwe.

"Mwananga, wawaona awo?" anatero agogo aja. "Mawa madzulo akadyera pa mchenga wa Zambezi, nyali zili ngwee. M'mbale mwawo mukakhala tomato, anyezi, letesi ndi mazira. Ine ndaphikira azungu mpaka imvi zabwera, ndikudziwa zolowa m'mbale imeneyo. Palibe n'chimodzi chomwe chimene dothi la kuno lingakane. Nanga bwanji zimachokera ku Harare?"

Basi inafika ndisanawayankhe, koma funso lawo linakwera nane. Yankho limene ndapeza ndi lakuti khomo lolowera m'malonda amenewa lili kukhitchini, ndipo ife alimi takhala tikuyang'ana galimoto pomwe tinayenera kuyang'ana mbale.

Malonda ake ndi otani?

Zimene banja lija linalipira ndi malonda ofala m'maiko ambiri. Ku Dubai alendo amatengedwa masana pa magalimoto amphamvu kulowa m'chipululu, kumene dalaivala amawakweza ndi kuwatsitsa pa milu ya mchenga mpaka dzuwa litapendeka. Kukada amawayalira chakudya pabwalo, nyama ikupsa pamakala. Ku Namibia amapita nawo ku Sossusvlei, kumene milu ya mchenga wofiira ndi yotalika ngati mapiri, ndipo chakudya cha m'mawa amadyera patsinde pa mtengo. Eni makampani anazindikira kale kuti anthu amene angomanga banja, kapena amene akukumbukira tsiku la ukwati wawo, sawerenga ndalama kawiri akalonjezedwa thebulo la awiri okha kutali ndi phokoso.

Kuno kulibe chipululu, koma kuli chigwa cha Zambezi chimene m'chilimwe chimauma gwa. Mlendo akachoka ku Harare amayenda makilomita pafupifupi 200 kufika pa Karoi. Akapitirira amafika pa Makuti, pamene msewu umagawikana: wina kupita ku Kariba, wina kutsika phiri kulowera ku Chirundu. Wopita ku Mana Pools amadzera pa ofesi ya Marongora, kenaka amasiya tala n'kuyenda makilomita oposa 70 pa msewu wa fumbi ndi miyala mpaka kufika kumtsinje. N'chifukwa chake galimoto wamba sakonda kupita nayo kumeneko.

Mana Pools inakhazikitsidwa ngati paki m'chaka cha 1975, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linaiika, pamodzi ndi madera a Sapi ndi Chewore, pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Mawu oti mana m'Chishona atanthauza zinayi, kunena maiwe anayi aakulu amene mtsinje unasiya posintha njira yake. Alendo ena amapita ndi magalimoto awoawo n'kukagona m'mahema pa Nyamepi. Ena amatera pa ndege zing'onozing'ono n'kukagona m'makampu a makampani. Kumeneko amadzutsidwa mbandakucha, n'kukwezedwa pa galimoto yopanda denga kukaona njovu, mikango, njati ndi mimbulu. Madzulo amaima pagombe kumwa chakumwa dzuwa likulowa, ndipo usiku wina wa ulendo wawo amapeza thebulo litayalidwa panja, khukhi ndi woperekera zakudya ataima poteropo. M'makampu ena apamwamba munthu mmodzi amalipira madola a ku America 1,000 kapena kuposerapo pa usiku umodzi nyengo ya alendo ikafika pachimake.

Makomo anayi

Ndalama imeneyi imagula zinthu zinayi: malo, galimoto, wotsogolera alendo ndi chakudya. Tiyeni tigogode pa khomo lililonse.

Malo ali m'manja mwa boma kudzera ku bungwe la ZimParks, limene limabwereketsa zigawo za pakiyo kwa makampani. Mlimi wa ku Tengwe kapena Magunje sangapikisane nawo pamenepo. Galimoto nayo ndi ndalama zankhaninkhani, kuphatikizapo ziphaso, inshuwalansi ndi matayala amene msewu wa kuchigwa umadya ngati chiswe.

Khomo la wotsogolera alendo ndi lotseguka, koma makwerero ake ndi aatali. Dziko la Zimbabwe limadziwika mu Africa monse chifukwa cha kukhwima kwa mayeso a ntchitoyi. Wofuna chiphaso amayamba ndi mayeso olemba a malamulo, nyama, mitengo ndi mfuti. Akakhoza amaphunzira pansi pa katswiri zaka zosachepera ziwiri, n'kuphunziranso chithandizo choyamba cha ovulala, asanakayesedwe m'tchire mwenimweni pamaso pa akuluakulu a ntchitoyi. Ana athu amene ali ndi mtima wotero tiwalimbikitse. Paja m'dera la Phundundu, m'boma lomwe lino, munayambika m'chaka cha 2017 gulu la Akashinga la amayi olondera nyama zakutchire, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a m'midzi yozungulira. Koma ntchito zotere zimalemba anthu owerengeka, ndipo sizibereka msanga.

Khomo lachinayi, la chakudya, ndilo lili pafupi ndi khasu lathu. Mlendo amakwera galimoto kawiri pa tsiku, koma amadya kanayi kapena kasanu. Antchito a pakampu, amene kawirikawiri amachuluka kuposa alendo, nawonso amadya nsima ndi ndiwo tsiku ndi tsiku. Ndipo katundu yense wa makampu amene amachoka ku Harare pamsewu alibe njira ina yachidule koma kudutsa pa Karoi pomwe pano.

Nyengo ili kumbali yathu

Makampu ambiri a ku Mana Pools amatsegula cha mu Epulo kapena Meyi n'kutseka mu Novembala, chifukwa mvula ikagwa misewu ya kuchigwa imasanduka thope ndipo nyama zimabalalika. Alimi anzanga, kodi miyezi imeneyi si yomweyo imene chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, fodya atapita kumsika, manja ali omasuka kulowa kudimba? Si miyezi yomweyo imene tomato amadzaza m'mbali mwa msewu mpaka kugulitsidwa pa mtengo wolira nawo?

Malo nawonso akutikomera. Karoi ili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kotero kuti m'miyezi yozizira letesi, karoti, zitheba, kabichi ndi nsawawa zimakula mosavuta. Kuchigwa n'kotsika ndi kotentha. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ngakhale mwini kampu atafuna kulima yekha, m'paki simunda, ndipo anyani ndi njovu sizingamusiyire kanthu. Ndiwo zake ayenera kuzipeza kumtunda, ndipo Karoi ndiyo tauni yaikulu yomaliza asanatsike phiri. Letesi wothyoledwa kuno amafika kukhitchini atapulumuka makilomita 200 a dzuwa amene mnzake wa ku Harare wapsa nawo.

Pali chinthu china chimene chimandisangalatsa. Mtengo umene umakokera alendo ku Mana Pools ndi nsangu, womwe uja alangizi akhala akutiuza kuti tizisunga m'minda chifukwa umayoyola masamba m'dzinja n'kuthira chonde m'nthaka. M'chilimwe umagwetsa zipatso zimene njovu zimakonda, mpaka zina zimaimirira ndi miyendo yakumbuyo kuti zifikire nthambi. Anthu amaoloka nyanja kudzajambula zimenezi. Mtengo umodzi ukudyetsa chimanga kumtunda ndi njovu kuchigwa. Chatsala n'chakuti udyetsenso thumba la mlimi.

Luso lagona m'makomboni

Mafamu a fodya a ku Karoi anatsegulidwa makamaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, pamene boma la atsamunda linagawira malo asilikali achizungu obwerera kunkhondo. Manja ambiri amene anazula zitsa ndi kumanga mabalani anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena anatengedwa ndi Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha matchona. Ana ndi adzukulu awo ndiwo amene lero akulankhula Chichewa m'makomboni a Mashonaland, ndipo gule wamkulu akadatulukabe kumeneko.

Pamene ntchito yolanda ndi kugawa mafamu inayamba m'chaka cha 2000, antchito zikwizikwi anataya ntchito, ndipo amene analandira malo anali ochepa kwambiri. Kusintha kwa lamulo la unzika m'chaka cha 2001 kunasiya ambiri a makolo ochokera kunja ngati anthu opanda kwawo, mpaka malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika.

Mafamu anasintha eni, koma luso silinasamuke. M'makomboni mudakali makhukhi odziwa kuphika buledi pa mbaula ya nkhuni, anthu amene anasamalira madimba a panyumba za mabwana, amakaniko okonza mapampu, ndi amayi amene m'zaka za m'ma 1990 ankasankha ndi kulongedza zitheba ndi nsawawa zopita ku Ulaya kuchokera m'mafamu ena a Mashonaland. Amayi amenewa amadziwa ndi maso okha chitheba choyenera bokosi ndi chitheba chotsalira. Mbali inayi kuli alimi amene analandira malo, ena pafupi ndi madamu a mafamu akale, koma akudalira fodya yekha. Wina ali ndi nthaka ndi madzi, wina ali ndi luso. Mutu umodzi susenza denga.

Tisaiwalenso anansi athu a Chikorekore. Anthu a Mfumu Dandawa ndi ena anasamutsidwa kuchigwa cha Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyengo imene damu la Kariba linkamangidwa. Pamene alendo akuyalirapo thebulo lero, makolo a anthu ena anali ndi minda ndi manda. Choncho mlimi wa ku Hurungwe akapempha msika kukampu, sakupempha chifundo ayi.

Anzathu anatani?

Ku chigwa cha Luangwa, kum'mawa kwa Zambia, nkhaniyi inayamba kale. M'chaka cha 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kupatula dera la nyama ndi kumangapo kampu ya alendo, ndipo ndalama zake zinkapita ku ulamuliro wa Akunda. Lero amene wafika ku Mfuwe amapeza madimba amene amagulitsa ndiwo m'malo ogona alendo a m'mbali mwa paki ya South Luangwa. Mudzi wa Kawaza unayamba kulandira alendo mwa iwo wokha m'chaka cha 1997. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'chaka cha 2003, limagula mtedza, mpunga ndi uchi kwa alimi amene alonjeza kusiya kutchera misampha ndi kuyamba kusamala nthaka, n'kumagulitsa zinthuzi pa dzina la It's Wild. Anthu amenewa chilankhulo chawo timamvana, ndipo njovu zawo zimaononga minda ngati zathu.

Ku Namibia, kuchipululu chenicheni, lamulo la m'chaka cha 1996 linapatsa anthu a m'midzi mphamvu zosamalira nyama ndi kupindula ndi alendo. Chaka chomwecho kampu ya Damaraland inatsegulidwa pa mgwirizano wa kampani ya Wilderness Safaris ndi anthu a m'deralo, amene pambuyo pake anakhazikitsa bungwe lawo la Torra m'chaka cha 1998. Panganolo linali lolembedwa: gawo la ndalama lipite kwa anthu, ndipo antchito alembedwe ndi kuphunzitsidwa kuchokera m'midzi yomweyo. Phunziro la malo onse awiriwa n'limodzi. Phindu linafika kumudzi chifukwa anthu anayamba apanga gulu, kenaka n'kumanga pangano lomveka ndi mwini malonda.

Mmene ife tinagwera

Kuti musandiyese wolankhula za m'mabuku, ndikuuzeni mmene ine ndi gulu lina la mabanja khumi ndi awiri tinapunthwira zaka zingapo zapitazo. Tinagwirizana ndi woyang'anira kampu ina, imene sinditchula dzina, kuti galimoto yawo ya katundu iziima pa Karoi Lachiwiri lililonse kutenga tomato, anyezi, repu ndi mazira. Masabata atatu oyamba zinayenda bwino, ndipo khukhi anatumiza uthenga woyamikira. Sabata yachinayi pampu inafa, ndipo palibe amene anali atasunga ndalama yokonzera. Sabata yachisanu kunabwera wogula wina wa ndalama pamanja, mabanja anayi n'kumugulitsa tomato yense wabwino. Galimoto ya kampu inapeza madengu atatu a tomato wophwanyika. Sabata yachisanu ndi chimodzi inadutsa osaima.

Kampu ija nayo inali ndi mbali yake. Malipiro a mwezi woyamba anachedwa masabata angapo, ndipo mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sangadye lonjezo. Koma cholakwa chachikulu chinali changa. Sindinafunse za tsiku la malipiro, sitinalembe kalikonse, ndipo tonse tinafesa tsiku limodzi kotero kuti mbewu zinacha pamodzi n'kutha pamodzi. Safunsa anadya phula.

Zimene khukhi amafuna

Choyamba, khukhi amafuna kukhulupirika kuposa kutchipa. Iye ali makilomita ambirimbiri kuchokera kusitolo. Tomato akapanda kufika Lachiwiri, alendo adya opanda tomato mpaka sabata yamawa. Lonjezani theka la zimene mungathe, kuti tsiku la tsoka mukhale ndi potolera.

Chachiwiri, amafuna zochepa koma za mitundumitundu, sabata iliyonse. Ngolo ya kabichi alibe nayo ntchito. Gawanani mbewu m'gulu: banja ili letesi ndi nkhaka, ilo karoti ndi zitheba, linalo tsabola wobiriwira ndi timasamba tonunkhiritsa chakudya. Fesani kabedi kamodzi masabata awiri aliwonse. Tomato amatenga pafupifupi miyezi itatu kuchokera powokera kufika pothyola, choncho wofuna kugulitsa mu Meyi nazale yake ikhale itamera mu Januwale kapena Febuluwale. Imeneyi ndiyonso nthawi yokaonana ndi oyang'anira makampu ku maofesi awo, asanamange mapangano ndi ogulitsa a mumzinda.

Chachitatu ndi ukhondo. Letesi ndi nkhaka zimadyedwa zosaphika, ndipo mlendo mmodzi akatsegula m'mimba, msika watha. Thirirani ndi kutsuka ndi madzi oyera, osati a m'chithaphwi chomwera ng'ombe. Mankhwala a fodya kapena a thonje asayandikire ndiwo. Mukapopera mankhwala ovomerezeka, dikirani masiku onse olembedwa pa botolo musanathyole, ndipo lembani m'kope tsiku limene mwapopera.

Chachinayi ndi kalongedzedwe. Thyolani m'mamawa, sungani pamthunzi, sankhani za msinkhu wofanana, ndipo ikani m'makreti m'malo mwa masaka. Kumbukirani kuti katunduyu akagwedezeka maola ambiri pa msewu wa miyala. Tomato apite atangoyamba kufiira. Mazira akhale m'mathireyi, olembedwa tsiku limene atoledwa. Nyama ili ndi malamulo ake a zaumoyo ndipo iyenera kudzera kophera kovomerezeka. Gulu longoyamba kumene lisathamangire kumeneko. Funsaninso za zipatso zoletsedwa kulowa m'paki, monga malalanje, amene fungo lake limakopa njovu.

Chachisanu ndi mapepala. Kampani imafuna risiti, akaunti yolipirako, ndipo kawirikawiri kalata ya msonkho ya ku ZIMRA. Apa ndi pamene nkhani ya zitupa imalumira. Alangizi, musanayambe kuphunzitsa za nazale, fufuzani kuti ndi angati m'gulu amene alibe kalata ya kubadwa kapena chitupa, ndipo athandizeni kufika ku ofesi ya kalembera. Pangano lilembedwe m'chilankhulo chimene onse akumva, litchule mtengo, muyeso, tsiku lotenga katundu ndi tsiku lolipira. Gulu lisunge thumba lapadera lokonzera pampu ndi lolipira mlimi amene sangathe kudikira kutha kwa mwezi.

Tisadzinamize

Malonda awa si mgodi wa golide. Makampu a kuchigwa ndi aang'ono. Ambiri amagoneka alendo osapitirira makumi awiri kapena atatu pa nthawi imodzi. Magulu awiri kapena atatu akhoza kudzaza msika wonse. Komanso alendo ndi mame: chipwirikiti cha m'chaka cha 2000 chinawathawitsa kwa zaka zingapo, ndipo mliri wa Covid-19 m'chaka cha 2020 unasiya makampu ali pululu. Munthu asasiye chimanga cha banja chifukwa cha letesi wa mlendo.

Nzeru ndi kuona kampu ngati mphunzitsi wa msika wokulirapo. Gulu limene lakhutiritsa khukhi wa ku Mana Pools likhoza kugulitsanso kumahotela ndi maboti ogonamo alendo a ku Kariba, kusukulu zogonera komweko, ndi kumasitolo a m'tauni. Palinso alendo oyenda okha, ngati banja lija, amene amafuna ndiwo za masiku asanu asanatsike phiri. Iwowa amaima pamene pali mthunzi, poimika galimoto, mitengo yolembedwa poyera ndi bokosi lolongedza kale. Tomato wa agogo aja sanali woipa. Anangosowa chomuitanira mlendo. Nkhuni zokha tisazisandutse malonda a pamsewu, pakuti mabalani a fodya ameta kale nkhalango za Hurungwe mokwanira.

Pomaliza, mbale ya ndiwo singalipire munda woonongedwa ndi njovu kapena ng'ombe yogwidwa ndi mkango. Imeneyo ndi ngongole ina. Ndondomeko ya CAMPFIRE, imene inayamba m'chaka cha 1989 m'maboma a Nyaminyami ndi Guruve, inakhazikitsidwa kuti okhala ndi nyama azipindula nazo. Malangizo ake a m'chaka cha 2002 anati magawo 55 pa 100 aliwonse a ndalama azipita kumidzi, ngakhale kuti mbali yaikulu ya ndalamazo yakhala ikuchokera kwa alenje olipira osati kwa alendo ojambula. Ndi ufulu wa mudzi kufunsa khansala wawo, pamsonkhano wa wadi, kuti zinalowa zingati ndipo zinagwira ntchito yanji. Kugulitsa tomato kukampu kusatitseke pakamwa pa funso limenelo.

Ntchito ya mwezi uno

Kwa inu alangizi ndi atsogoleri a magulu, ndikusiyirani ntchito zitatu zosafuna ndalama. Lembani mayina a anthu a m'dera lanu amene anagwirapo ntchito ya ukhukhi, ya m'dimba kapena yolongedza ndiwo, ngakhale akhale okalamba. Yenderani zitsime, madamu ndi madambo amene saphwa mpaka Okutobala, ndipo mumve kwa eni malo ngati angalole mgwirizano. Kenaka pezani mwana wa m'dera lanu amene amagwira ntchito kukampu kapena kuhotela ya ku Kariba, ndi kumupempha kuti akulembereni zimene khitchini yawo imagula pa sabata. Pepala limenelo ndilo likuuzeni choti mufese.

Ndinabwereranso pa kathebulo kaja patapita masabata awiri, ndipo ndinawafotokozera agogo aja za gulu lathu lija ndi mmene tinagwera. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta tomato ndi kansalu.

"Agogo, mukanakhala inu khukhi wa kampu ija, mukanatipatsanso mwayi?" ndinawafunsa.

"Mwananga, khukhi amaiwala amene anamubweretsera tomato wamkulu, koma saiwala amene anamugwiritsa mwala alendo atakhala kale pathebulo. Mukapite kukapepesa, mukayambe ndi mazira ndi anyezi basi. Zikayenda miyezi itatu, ndiye mukatchule za letesi. Ndipo tsiku losankha katundu mudzandiitane, maso angawa akadaona."

Gulu lija lakumananso, ndipo agogowa ndiwo adzaphunzitse kusankha ndi kulongedza. Ngati kwanu kuli gulu limene likugulitsa kale kumalo ogona alendo, kaya ku Mfuwe, ku Liwonde kapena ku Kariba, tilembereni kuti anzanu aphunzire pa zimene munakumana nazo. Mwezi wamawa tidzakambirana za kasamalidwe ka pampu ya gulu, ndi mmene tingasungire ndalama yoikonzera isanafe.